Mpando wa a Namwiyo pansi pa lintala

Loweruka lapitali tinamanga chiliza cha a Namwiyo kumanda a kwa Nazombe, patatha chaka chiwaikire m'manda. Ndikuti tinamanga chifukwa ndinalipo, ndipo ndinagwira paipi. Womanga weniweni anali Esinati. Chiliza n'chinthu chaching'ono, mizere isanu ya njerwa, ntchito yoti mmisiri amamaliza njala isanamupeze. Ife chinatidyera tsiku lonse. Esinati anayeza levulo kasanu ndi kawiri, ndipo atafika pa mzere wachitatu anaphwasula ngodya imodzi n'kuyambiranso.

"Amisiri, eni akewo sakuona," ndinatero ine, pofuna kuthandiza.

"Amenewa ankandigwira zolakwa ndi zala zokha ali osaona," anatero Esinati, maso ali pachingwe. "Pano ali pansi, maziko akuwaonera cham'munsi. Mukuti andisiya?"

Kumanda komweko ndiko ndinalamulidwa kulemba mbiriyi. Akazi a malemu, amene tonse timawatchula anganga, anandikodola n'kunena kuti: "Iwe unapita ku koleji. Sukulu yakoyo igwireko ntchito tsiku limodzi." N'zoona, ndinapita ku koleji ku Blantyre. Ndinakhalako chaka ndi theka, kenako ine ndi kolejiyo tinakambirana ngati akuluakulu n'kugwirizana kuti aliyense aone njira yake. Kolejiyo ndimamva kuti ikupeza bwino. Za ine zithere pomwepa.

A Namwiyo anali munthu wamfupi, wa manja aakulu ong'aluka ndi simenti. Ankavala ovolosi ya buluu, chipewa cha mlaza, ndi pensulo kukhutu. Pensuloyo sindinaione ikulemba. Akafuna kuchonga pakhoma ankatola msomali, ati pensulo ndi yoti eni nyumba adziwe kuti aitana mmisiri. Makolo awo anachokera ku Mozambique wapansi, kudzera kuseri kwa phiri, ndipo iwowo anaphunzira kumanga akusenzera njerwa mmisiri wina wa pamishoni. Ndi anthu ankayankhula Chichewa, chokoma ndi kamvekedwe ka kwathu kuno. Njerwa ankazikalipira m'Chilomwe. Ati Chichewa zimamva, koma mochedwa.

Munthu akawaitana kuti ammangire nyumba m'Chigwa cha Phalombe, tsiku loyamba sankanyamula chida chilichonse. Ankafunsa kuti mayi wokalamba kwambiri pamudzipo ndani, n'kupita kukakhala naye pamphasa, kudya naye chinangwa, mpaka mayiyo awalozere pamtengo pamene madzi analekezera chaka chimene anasefukira koposa. Amuna sankawafunsa. Ankati mwamuna ukamufunsa za madzi amaloza m'khosi kuti aoneke wolimba mtima, pomwe mayi amaloza penipeni, chifukwa ndiye anapulumutsa ufa. Pamenepo ankakhoma msomali, ndipo maziko ankayenera kupitirira msomaliwo. Mwini nyumba akadandaula kuti njerwa zithera pansi, a Namwiyo ankavala chipewa n'kumutchulira mayina a amisiri ena atatu amene angammangire msanga, ndiponso kumene angakagule bwato.

Koma chimene anthu amawakumbukira nacho ndi mpando. Unali mpando wa ndalema, wa matabwa ndi chiguduli, wopinda, ndipo ankaumangirira kumbuyo kwa njinga. Kwa amene sanamangitsepo nyumba ndifotokoze. Pamwamba pa khomo kapena zenera pamakhala mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo m'kati, umene umasenza njerwa zonse za pamwamba pake. Imeneyo ndiyo lintala. Konkire akamathiridwa amakhala phala, ndiye amamuika m'matabwa ochirikizidwa ndi milongoti mpaka aume. A Namwiyo ankadikira masabata atatu, akumuthirira madzi m'mawa ndi masana ngati dimba. Tsiku lochotsa milongoti likakwana, ankatambasula mpando uja pakati penipeni pa khomo, kukhalapo, kulandira kapu ya tiyi, n'kulamula kuti milongoti igwetsedwe umodziumodzi iwo ali pansi pomwepo. Womaliza ukagwa ankapsontha tiyi, kukwinya nkhope, n'kunena kuti shuga wachepa. Mawu amenewo akamveka, mwini nyumba ankadziwa kuti atha kulowetsa ana ake.

Lamulo lake linali limodzi, ndipo silinkasintha: pampando amakhala amene wathira lintalayo. Wophunzira ntchito ankayamba ndi kukanya matope chaka chathunthu, kenako kuyala njerwa pakati pa khoma, kenako ngodya, kenako pulasitala. Tsiku limene a Namwiyo amusiyira lintala yakeyake n'kumulozera mpando ndilo tsiku lomasulidwa. Mapepala a mayeso a boma ankawalemekeza, ndipo anyamata awo ankawakakamiza kukalemba, koma ankati pepala limakhala m'sutikesi, siligona pansi pa denga limene lamanga. Amene anakhalapo pampandowo ali mbwee, ku Chiwalo, ku Mulanje, ku Blantyre, ena mpaka ku Joni. Mmodzi, yemwe lero ali ndi galimoto ndi mimba yake, anandiuza pamaliro kuti tiyi wa tsiku limenelo anatayikira yense pa buluku, ndipo anthu mpaka pano sakhulupirira kuti anali tiyi.

Mdani wawo wa moyo wonse anali a Likhutcha, mmisiri wa zamagetsi, amene anakwatira mlongo wawo. Ankaitanana kuti alamu, ndipo ankagwira ntchito limodzi pafupifupi pa nyumba iliyonse ya magetsi, kuti asaphonyane mkangano. A Namwiyo amalize khoma losalala ngati tsaya la mwana, mawa lake a Likhutcha atulukira ndi tchizulo ndi hamala kudzagoba ngalande za mapaipi a mawaya.

"Alamu, chiswe chafika," ankalengeza a Namwiyo.

"Ndabwera kudzaika nzeru m'mulu wa dothiwu, alamu. Popanda ine nyumbayi ndi khola."

"Ntchito yanuyo munthu saiona n'komwe."

"Ikhudzeni muione."

Mkangano wawo waukulu unali wa masoketi. A Likhutcha ankawaika cha m'mawondo, ati ndi mmene buku limanenera. A Namwiyo ankati bukulo analemba munthu wokhala pamtunda, kuno kuchigwa soketi ikhale pachifuwa. Anakangana zaka ndi zaka. Chaka china madzi atalowa m'nyumba za anthu, a Likhutcha anayamba mwakachetechete kuika masoketi pachifuwa, n'kumauza eni nyumba kuti ndi njira yatsopano imene iwo aitulukira. A Namwiyo atamva sanadye bwino masiku awiri.

Ine anandipeza pa sitolo ndikudikira foni idzaze moto, ntchito imene ndinali nditaigwira mokhulupirika miyezi isanu ndi itatu. "Wophunzira," anatero, "kukolejiko anakuphunzitsako kuima malo amodzi?" Ndinati ndi phunziro lokhalo limene ndinakhoza. Anandipatsa paipi. Ndi kapaipi kataliko koonekera m'kati, kothiramo madzi. Wina amagwira mbali iyi pangodya ino, wina mbali inayo pangodya ya uko, ndipo pamene madzi aima kuno ndi pomwe aimanso uko, ndiye mumachonga, nyumba n'kukhala pa levulo imodzi. Ndakhala pa udindo umenewu zaka zisanu ndi zitatu. Kuyala njerwa ndinayesapo kamodzi. A Namwiyo anaima patsogolo pa khoma langalo nthawi yaitali, kenako anavula chipewa, monga timachitira maliro akamadutsa.

Esinati ndinamupeza ali kale pantchito. Iye sanabwere kudzaphunzira kumanga. Anali mmodzi wa amayi otunga madzi pa nyumba ina ku Chiwalo, ukwati utatha, ali ndi ana awiri. Tsiku lina, ndowa ili pamutu, anaima n'kuuza mnyamata wina amene ankamanga ngodya kuti khoma lake likugwada. Mnyamatayo anamuuza kuti azikayang'ana miphika. A Namwiyo anabwera ndi levulo, n'kupeza kuti khomalo likugwadadi.

"Waona bwanji, iwe?"

"Ndimazira nyumba chiyambire ndili mtsikana. Chopindika chimaoneka."

"Tula ndowayo. Gwira mpeni uwu."

Mpeni womangira uja sanaubwezenso. Anyamata anang'ung'udza, amayi anzake anamuseka kuti wavala buluku m'kati mwa chitenje, koma pofika chaka chachitatu ngodya zonse zinali zake. Chokhacho, pampando sanakhalepo. Eni nyumba ankati aitana a Namwiyo, osati mayi wotunga madzi, ndipo a Namwiyo ankati nthawi yake idzakwana. Anyamata awiri amene anayamba pambuyo pake anamasulidwa iye akuonerera, ataimirira kumbuyo ndi amayi a thobwa.

Tsopano ndinene chimene tinabisa zaka ziwiri, poti eni ake anachiulula okha pagulu. Maso a a Namwiyo anachita ng'ala. Ine ndinayamba kuzindikira papaipi. Kale ankangoponya diso n'kukuwa kuti kweza kapena tsitsa. Kenako anayamba kuitana Esinati. "Tabwera, iwe. Madziwa aima pati? Ndikukuyesa." Esinati aloza, iwo n'kuti: "Wakhoza." Mayeso amenewa anachuluka. Anamuyesa kuwerenga tepi, anamuyesa kuona ngati chingwe chawongoka, tsiku lina anamuyesa kuti anene ngati munthu akubwera apoyo ndi mwini nyumba kapena wogulitsa nthochi. Njinga anasiya kupalasa, ati mawondo, ndipo ndinakwezedwa pantchito kukhala wowapalasira. Khoma ankaliyendera ndi zala, ndipo zalazo zinkapeza njerwa yotuluka ngakhale pang'ono chabe. Koma kuyala, kumanga zitsulo, kuthira konkire, zonse anali Esinati. Tsiku la milongoti pampando ankakhala a Namwiyo. Lamulo lawo lomwe ankaliphwanya okha, ndipo tiyi wa masiku amenewo ankamwa mofulumira, osakweza maso.

Kenako kunabwera ntchito ya tchalitchi chathu chatsopano. Khomo lake lalikulu linali lotambalala moti anthu anayi n'kulowa atagwirana mapewa, lintala yoti a Namwiyo sanathirepo yotalika chotero. Wapampando wa komiti yomanga anali a Khoviwa, munthu wabwino ndithu, wa malaya oyera nthawi zonse, amene ankakhulupirira kuti Mulungu amafunsa kaye komiti. Iwo anaika mfundo imodzi. Mayi uja atunge madzi, asakwere pathandala. Nyumba ya Mulungu, munthu wamkazi ali pamwamba, akulu a mpingo akudutsa pansi, ati sizinachitikepo. Ndipo lintala ya khomo lalikulu a Namwiyo athire ndi manja awo.

A Namwiyo anagwedeza mutu kuvomera. Esinati anali pomwepo, akutsuka fosholo.

Tinamanga tchalitchicho ngati akuba. Mwayi wathu unali woti njinga yamoto ya a Khoviwa inkamveka ikadali kutsidya kwa mtsinje. Ine ndikaimva ndinkaimba mluzu, Esinati n'kudumpha pathandala, kukulunga chitenje, kusenza ndowa, ndipo a Namwiyo tinkawakweza n'kuwagwiritsa mpeni. A Khoviwa ankafika n'kupeza nkhalamba ikugogoda njerwa imene yakhala kale bwinobwino. "Taonani dzanja la kale," ankauza anzawo a komiti. "Ana a masiku ano angathe izi?"

Tsiku limene tinathira lintala ija, a Khoviwa kulibe, Esinati anamanga zitsulo yekha kuyambira m'mawa, anayendera mlongoti uliwonse, anatikanyitsa konkire katatu mpaka atakhutira. Titamaliza anakhala pa mulu wa mchenga n'kundiuza, mosakweza mawu:

"Achimwene, milongoti iyi ikachoka ine ndikupita ku Limbe. Akulu anga andipezera ntchito ya m'nyumba."

"Mukatsuke mbale, inu?"

"Mbale ukatsuka amadziwa kuti watsuka ndiwe. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikudumpha pathandala ngati ndaba nkhuku. Mwana wanga kusukulu anamufunsa ntchito ya amake, anati amatunga madzi. Sananame. Ndi zimene amaona."

A Namwiyo anali chapatali, akupapasa matabwa. Maso anali atapita, koma makutu anali a mnyamata.

M'mawa mwake nditapita kukawatenga ndi njinga, ndinapeza nkhani ili m'kati kuseri kwa nyumba. Munthu wophunzira samvetsera za eni, choncho ndinaima pafupi ndi zenera kuti ndione ngati lili pa levulo.

"Mwana wa eni ake akatsuke mbale ku Limbe chifukwa cha manyazi anu?" Amenewo anali anganga.

"Ndikanena, adzandipatsanso nyumba ndani? Munthu wosaona?"

"Nanga panopa nyumbazo akumanga ndani?"

"Dzina ndi langa."

"Dzinalo mulowa nalo m'bokosi. Kapena mukufuna tikuikeni ndi mpando womwe?"

Masabata atatu aja a Namwiyo anathirira madzi lintala ija okha, m'mawa ndi masana, ine nditawagwira mwendo pa makwerero. Sanakangane ndi munthu. A Likhutcha anagoba khoma lonse la kuguwa popanda kutchedwa chiswe, mpaka anadandaula n'kufunsa ngati alamu awo akudwala.

Milongoti tinachotsa Loweruka m'mawa. Mpingo wonse unabwera, amayi ndi zidebe za thobwa, a kwaya ndi yunifolomu, abusa, komiti yonse. Esinati anali kumbuyo ndi ndowa yake, chikwama atalongedza kale kunyumba. A Namwiyo anamasula mpando panjinga, anawerenga mapazi kuchokera pangodya, n'kuutambasula pakati pa khomo. Anaupukuta ndi chipewa. Anganga anabweretsa tiyi. Koma munthu uja anangoima.

"Khalani, amisiri, tiyi azizira," anatero a Khoviwa.

"A Khoviwa, inu mumandidziwa kalekale. Pampando uwu amakhala ndani?"

"Amene wathira lintala."

"Ndiye mukundikhazikiranji ine?" Anatembenukira kumene kunkamveka amayi. "Esinati! Tula ndowayo."

A Namwiyo anavula chipewa n'kuchigwira pamimba.

"Abale, maso anga anatha chaka chadzana. Inu a Khoviwa ndimakudziwirani njinga. Panopa ndikuona chinthu choyera chikuyankhula, ndiye ndikungokhulupirira kuti ndi malaya anu. Tchalitchi ichi, kuchokera pamaziko mpaka apa, ine ndagogodapo njerwa zisanu ndi imodzi, zonse pamaso panu. Wamanga ndi mwana uyu."

"Mwatinamiza!" anakuwa a Khoviwa. "Pa nyumba ya Mulungu!"

"Eya, ndakunamizani. Mlandu umenewo mundiitane kubwalo la mpingo, ndibwera, wina andigwire dzanja. Komanso ndamubera mwanayu mpando zaka ziwiri. Umenewo ndiye mlandu waukulu, ndipo ndikuuweruza ndekha lero."

"Lintala imeneyi igwetsedwe. Tinapangana."

"Chabwino. Koma tiyambire kwanu. Khonde lija mumakhalapo ndi alendo, mumawauza kuti ndi dzanja la kale, anamanga ndi uyu. Tikachoka apo tikagwetse sitolo ya achimwene anu. Tikamalizire kuchimbudzi cha abusa."

Abusa anayang'ana kumwamba, kumene kumachokera thandizo. Pakati pa amayi panamveka mawu a akazi a a Khoviwa, omveka bwino lomwe: "Khonde langa musaliyandikire." Anthu anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

Apo a Likhutcha anadzikankhira kutsogolo, hamala ili m'manja. "Abale, ine ndinadziwa kalekale. Zaka ziwirizi makoma akundithyolera matchizulo, ngodya zake paipi ikungolowa yosapinda. Ndinadzifunsa kuti, alamu angawa zaka zonsezi akhala akumanga makola, aphunzira liti kumanga nyumba? Munthu saphunzira ntchito atakalamba chonchi."

"Chiswe chayankhula," anatero a Namwiyo, ndipo kanali koyamba kumwetulira m'masabata atatu.

A Khoviwa anayang'ana komiti yawo, komiti inayang'ana akazi awo. Pomaliza anati ngati mayiyo akuikhulupirira ntchito yake, akhalepo, tonse tione.

Esinati anabwera pang'onopang'ono. Anamasula chitenje n'kuchipinda, anatsala ndi buluku lake la simenti pamaso pa abusa, n'kukhala pampando. Analandira kapu ndi manja awiri. Ine ndinapatsidwa hamala, udindo waukulu koposa umene ndinasenzapo. Milongoti inali isanu ndi iwiri. Nditagwetsa woyamba ndinaona kuti a Namwiyo aima kumbuyo kwa mpando, atagwira chotsamira.

"Amisiri, chokanipo," anatero Esinati chonong'ona. "Lamulo ndi la munthu mmodzi."

"Ndikugwirira mpando. Ndi wakale."

Pa mlongoti wachitatu a Likhutcha nawo analowa pansi pomwepo, khosi lili m'mwamba, ati akuona poika babu. Pa wachisanu anganga anabwera kudzatenga supuni imene anaiwala m'kapu, ndipo supuniyo inawavuta kupeza mpaka mapeto. Wachisanu ndi chiwiri unali wa pakati. Ndinaumenya kawiri osasuntha. Kachitatu unagwa, matabwa anatsika, kafumbi kanagwera m'tiyi. Pamwamba pa mitu ya anthu anayiwo panatsala konkire wotuwa, wosalala, wowongoka ngati chingwe.

Esinati anayang'ana m'mwamba kamodzi. Anauzira kafumbi kaja, anapsontha, anakwinya nkhope.

"Shuga wachepa," anatero.

Nthungululu zake zinamveka mpaka kumsika. A kwaya anayambitsa nyimbo osauzidwa, amayi anamunyamula Esinati ndi mpando womwe, thobwa linatayika. M'phokoso limenelo ndinamva a Namwiyo akumuuza kuti: "Pepani, amisiri. Ndinachedwa." Chiyambire tsiku limenelo sanamutchulenso dzina. A Khoviwa analowa m'tchalitchi pomalizira pa onse, mofulumira, atawerama pang'ono.

Ku Limbe sanapiteko. Mwezi womwewo anthu awiri anabwera kudzamufuna iyeyo ndi dzina lake, ndipo chaka chotsatira anakalemba mayeso a boma n'kukhoza. Bwalo la mpingo linawaitanadi a Namwiyo, n'kuwadzudzula kwa mphindi zochepa, kenako linawafunsa ngati amisiri atsopanowo angamangenso nyumba ya abusa.

Poti chinsinsi chinali chitatha, panalibenso chowaletsa kupita kuchipatala, kumene anganga anakhala akuwakakamiza zaka ziwiri. Madokotala anachotsa ng'ala ija diso limodzi, kenako linalo. Munthu wina akanathokoza Mulungu n'kukhala pansi. A Namwiyo anandilamula kupopa njinga. Sabata yathunthu tinazungulira nyumba zonse zimene Esinati anamanga iwo ali mumdima, levulo ili m'manja, kufunafuna cholakwa. Ankatsika, kutsinzina diso limodzi, kuyeza, kung'ung'udza m'Chilomwe, n'kukweranso. Tsiku lachisanu, pa chigayo china ku Chiwalo, anachipeza. Khoma lakumbuyo linali ndi kamimba.

"Ehee! Wophunzira, bwera udzaone! Ndinadziwa ine. Ana a masiku ano!"

Mwini chigayo anatuluka ali mbuu ndi ufa. "Amisiri, mayi aja anamanga chipinda chakutsogolochi. Khoma ilo munamanga ndinu, bambo anga akadali moyo."

A Namwiyo analiyang'ana khomalo kwa nthawi. Analigogoda ndi chala.

"Alamu anga anadutsapo ndi tchizulo apa," anatero, n'kukwera njinga.

Anakhala zaka zina zitatu akuona bwino, akuyendera ntchito za Esinati popanda kuitanidwa, akukangana ndi a Likhutcha za mawaya a sola. Anamwalira chaka chatha titangokolola, atadwala masiku owerengeka. Pamaliro a Khoviwa anayankhula m'malo mwa mpingo, n'kukumbutsa anthu kuti iwo ndi amene anayamba kuona luso la Esinati. A Likhutcha anapemphedwa kuyankhula m'malo mwa banja. Anaimirira, anati, "Munthu uyu sankadziwa kumanga," mawu n'kuwathera pomwepo, ndipo tinachita kuwakhazika pansi.

Titachoka kumanda Loweruka lija ndinaperekeza anganga kunyumba, n'kusuzumira m'kanyumba ka zida kuseri. Pakhomo pake pakadali kanjira kamene wilibala inakumba pa zaka zonsezo, koma udzu wayamba kumeramo. M'kati muli fungo la simenti yakale. Khoma lonse ndi misomali, ndipo pa msomali uliwonse a Namwiyo anajambulapo ndi khala chithunzi cha chida chake, kuti wobwereka asanamizire kuiwala: apa mpeni, apa levulo, apa hamala, apa paipi yokulungidwa. Zithunzizo zilipo zonse, zida palibe. Zili kuntchito ndi Esinati ndi ophunzira ake asanu, awiri mwa iwo ndi amayi amene anayamba ndi ndowa. Chatsala ndi chipewa cha mlaza, pensulo ija yosasongoka chiigulire, ndi soketi imodzi imene a Likhutcha anaika pachifuwa. Pakhomo penipeni nkhuku ya anganga yafungatira mazira, pansi pa lintala imene sinathire, ndipo palibe woiuza lamulo.

Pafupi ndi chitseko pali msomali waukulu kuposa yonse, wopindikira m'mwamba, ndi mizere iwiri pamene miyendo ya mpando inkakhula khoma. Mpandowo uli ku Chiwalo. Lachinayi tikuchotsa milongoti, ndipo amene adzakhalepo ndi mmodzi wa amayi awiri aja. Anganga anandipatsira masamba a tiyi ndi kapepala ka shuga kuti ndipite nazo. Ndinakayeza m'manja kapepalako n'kuwauza kuti shugayu sakwana.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikuthira wosakwana," anatero anganga, akutseka chitseko. "Ukufuna akasowe chonena?"